Wophunzira za Migodi Amene Anasanduka Mmisiri wa Ziwerengero

Funso: Kodi ntchito imene lero itchedwa uinjiniya wa deta njotani, ndipo munthu angathe kuilowa asanaikonzekere?

Yankho: Monga mmisiri wa madzi akumba ngalande kuchokera ku kasupe, nawasefa madziwo kuti afike oyera pakhomo pa wakumwa, momwemonso injiniya wa deta asonkhanitsa ziwerengero zomwazika m'makaundula, nachotsamo zolakwa, naziyala mwadongosolo, kuti wolamulira akafunsa alandire yankho loona. Ena ailowa asanailote n'komwe, monga anachitira Herman Hollerith wa ku America.

Funso: Iyeyu anali yani, nanga anafikamo bwanji?

Yankho: Anabadwira ku Buffalo m'chaka cha 1860, naphunzira za migodi ku sukulu ya ukachenjede ya Columbia, namaliza mu 1879, koma m'malo motsikira pansi kukafuna miyala ya mtengo wapatali, anatsata mphunzitsi wake, William Trowbridge, kukagwira ntchito ya boma ya kalembera wa 1880. Kumeneko anaona ndi maso ake alembi atawerama tsiku ndi tsiku, akuwonkhetsa pamanja mayankho a anthu oposa 50 miliyoni, ntchito imene inadya pafupifupi zaka 8. Ndipo John Shaw Billings, dokotala woyang'anira ziwerengero za imfa, ndiye anabzala mwa iye ganizo lakuti makina angasenze mtolo umenewu.

Funso: Nanga makinawo ankagwira ntchito motani?

Yankho: Hollerith anali ataonapo kondakitala wa sitima ya pamtunda akuboola tikiti mosonyeza maonekedwe a mwini wake, kuti wina asakwererepo, choncho anapatsa munthu aliyense khadi lakelake, pamene bowo lina linanena zaka, lina kuti ndi mwamuna kapena mkazi, lina kumene anabadwira. Khadilo likaikidwa m'makina, timisomali tinkatsika, ndipo kamene kapeza bowo kankapyola n'kukhudza mekyule wa m'kachikho kapansi, magetsi n'kuyenda, muvi wa pa chowerengera chonga wotchi n'kusuntha kamodzi. Motero kalembera wa 1890, wa anthu oposa 62 miliyoni, anawerengedwa mofulumira kuposa wa 1880 uja. Zoonadi, mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kampani imene Hollerith anayambitsa mu 1896 inaphatikizana ndi zina mu 1911, nitchedwa IBM mu 1924.

Funso: Chifukwa ninji ntchito ya boma ibala amisiri otere?

Yankho: Pakuti boma lilibe ufulu wosankha owerengedwa: mkazi wamasiye, mwana wakhanda ndi mlendo, onse ayenera kulowa m'kaundula, ndipo iye amene wamva kuwawa kwa msana powerenga pamanja ndiye adziwa pamene ntchito itsamwa, ndiponso kuti nambala yosochera ndi munthu wotayika, amene sukulu ndi chipatala sizidzamkonzera malo.

Funso: Tsono mlembi wa lero atolepo chiyani?

Yankho: Asapeputse tsiku la tinthu tating'ono. Iye amene mwezi ndi mwezi akopera malipoti a kuchipatala m'kompyuta, nadzifunsa chifukwa chimene mudzi umodzi walembedwera kawiri, osagona kufikira atapeza pogona vuto, wayamba kale ntchitoyi, ngakhale dzina lake asanalimve. Chotsala n'kuphunzira zida monga SQL, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako anakuphunzira kale pa kaundula.