Wobena mafilimu asakomedwe ndi dzina la i7

Kuchokera pa Njewa, kudutsa pa Mpingu mpaka kwa Namitete, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji simusowa kashopu kobenera nyimbo ndi mafilimu. Kasitomala amafika ndi memore yake, nasankha filimu yomasuliridwa m'Chichewa, koma foni yake ndi ya mabatani. Filimuyo iyenera kuyamba yachepetsedwa kuti isanduke 3GP kapena MP4 yaing'ono, apo ayi foniyo ikana.

Mphamvu za kompyuta zimaonekera pamenepo. Fani imayamba kulira, kamzere ka pulogalamu ya Format Factory kakukwawa, kasitomala ali chilili pakhomo, maso ali ku minibasi.

Achinyamata ambiri akapita m'tauni kukagula kompyuta yogwirapo kale ntchito amangofunsa kuti, "Purosesa yake ndi i7?" Akamva kuti inde, ndalama zimatuluka. Chimandiwawa ndi chakuti ndalamazo ena amazipeza atagulitsa soya wa chaka chonse, pamene chofunika kufunsa ndi m'badwo wa purosesayo.

Mu 2011 kampani ya Intel idayamba kuika m'mapurosesa ake kachigawo kotchedwa Quick Sync, kongogwira ntchito ya vidiyo basi. Pulogalamu ngati HandBrake ikauzidwa kuti igwiritse ntchito kachigawoka, filimu imasinthidwa msanga, purosesa osatuluka thukuta. Koma mafilimu ambiri a pa intaneti masiku ano amabwera m'mtundu wa H.265, womwe udakhazikitsidwa mu 2013, ndipo Quick Sync wakale saudziwa. Kuti H.265 ayende bwino, ngakhale uja wa 10-bit, pamafunika m'badwo wachisanu ndi chiwiri kupita m'tsogolo.

M'badwowo umaoneka kumayambiriro kwa nambala ya pambuyo pa kamzere. i7-2600 ndi wachiwiri, wa 2011, ndipo adapangidwira mawati 95. i3-7100 ndi wachisanu ndi chiwiri, wa mawati 51. Pa filimu ya H.265, ka i3 kameneka kamamusiya m'mbuyo mkulu wakeyo. Magetsi a ESCOM akathima, shopu n'kudalira sola ndi batire, mawatiwo ndi amene amanena kuti mutseka nthawi yanji.

Wofuna kusunga mafilimu pa kompyuta imodzi kunyumba, kuti banja lizionera pa TV ndi mafoni kudzera pa pulogalamu ya Plex kapena Jellyfin, zake n'zopepuka. Ngati TV imatha kuwerenga filimuyo momwe ilili, purosesa imangoipereka osasintha kanthu. Ngakhale ka Intel N100 ka mu 2023, ka mawati 6, kamakwanitsa.

Musanalipire, uzani wogulitsa ayatse kompyutayo muone nokha nambala yonse ya purosesa. Ikathera ndi chilembo cha F, monga i5-9400F, isiyeni: ilibe Quick Sync.