Mlandu wa Chiŵembu m'Malamulo a Boma la America

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Mwambiwu umayamikira kugwirizana, koma opanga malamulo adaona kuti mphamvu yomweyo imene imasenza denga ingathenso kuligwetsa. Munthu mmodzi wofuna kuchita choipa angathe kuchita mantha ndi kuleka, koma akakhala aŵiri amalimbitsana mtima ndi kugaŵana ntchito. N'chifukwa chake kupangana kokha kuchita choipa kumayesedwa mlandu pakokha.

Dziko la America lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake. Pamwamba pa zonsezi pali boma lalikulu la ku Washington, ndipo malamulo ake amapangidwa ndi nyumba ya malamulo yotchedwa Congress. Lamulo lalikulu la chiŵembu lili m'ndime 371 ya buku la 18 la malamulo a bomali.

Kuti munthu apezeke wolakwa, pafunika zinthu zitatu. Choyamba, anthu aŵiri kapena ambiri akhale atapangana kuphwanya lamulo la boma lalikulu, kapena kulinyenga bomalo. Panganolo silifunika kulembedwa. Bwalo lingathe kuliona m'zochita zao. Chachiŵiri, woimbidwa mlandu akhale ataloŵa m'panganolo mwadala, akudziŵa cholinga chake. Chachitatu, mmodzi mwa iwo akhale atachitapo kanthu kopititsa cholingacho patsogolo. Kanthuko kangathe kukhala kosalakwika pakokha, monga kuimba lamya kapena kubwereka galimoto. Chilango chake ndi faindi, kapena ndende yosapitirira zaka 5, kapena zonse ziŵiri, ngakhale chimene anapanganacho chitalephereka. Pa milandu ya mankhwala ozunguza bongo pali lamulo lina, ndipo Bwalo Lalikulu lidagamula mu 1994 kuti pamenepo pangano lokha likwanira.

Kulemera kwenikweni kwa lamuloli kudaoneka mu 1946, pa mlandu wa abale aŵiri a ku Alabama, Walter ndi Daniel Pinkerton. Iwoŵa adapangana kuchita malonda a moŵa mozemba msonkho. Panalibe umboni wakuti Daniel adagwira yekha ntchito zimene anaimbidwa nazo mlandu. Zina adazichita Walter pamene Daniel anali m'ndende pa mlandu wina. Komabe Bwalo Lalikulu lidagamula kuti Daniel asenze zolakwa za mbale wake. Maganizo ake anali akuti malinga pangano lilipo, dzanja la mnzako ndi dzanja lako, bola chimene wachitacho chikhale chothandiza cholinga chanu, ndiponso chikhale chinthu chimene munthu wanzeru akadachiyembekezera.

Kodi tsono aliyense woyandikana ndi ochimwa ndi wachiŵembu? Iyayi. Mu 1940 bwalo lomwelo lidaŵeruza mlandu wa Falcone, wokhudza amalonda amene ankagulitsa shuga, yisiti ndi zitini kwa anthu otcheza moŵa mobisa. Lidagamula kuti kugulitsa kokha sikukwanira ngati palibe umboni wakuti wogulitsayo ankadziŵa za chiŵembucho. Chimodzimodzinso, amene wapangana ndi kazitape wa boma yekha sanapange chiŵembu, pakuti kazitapeyo sanavomere ndi mtima wake.

Nanga wofuna kutuluka atani? Kungokhala duu sikumchotsa m'gululo. Ayenera kuuza anzakewo momveka kuti waleka, kapena kukaulula kwa apolisi. Mu 2013 Bwalo Lalikulu lidanenetsa kuti udindo wosonyeza kuti adatulukadi ndi wa iye mwini. Ngakhale atatero, kutulukako kumangomteteza ku zolakwa zimene anzake adzachite pambuyo pake. Pangano limene adavomera kale silifafanizika.

Lamuloli lagwirapo ndi akuluakulu omwe. Pa 1 Januwale 1975, pa mlandu wa Watergate, John Mitchell, amene adakhalapo mkulu wa zamalamulo m'boma la Pulezidenti Richard Nixon, adapezeka wolakwa pa chiŵembu chobisa choonadi, pamodzi ndi H. R. Haldeman ndi John Ehrlichman. Onse atatu adaloŵa m'ndende.

Komatu ukonde waukulu umakola nsomba zazikulu ndi matemba omwe. Mu 1949 woŵeruza Robert Jackson adadandaula kuti mlanduwu ndi wotanuka kwambiri, kotero kuti munthu wolakwa pang'ono akakhala pa benchi limodzi ndi zigaŵenga, oŵeruza mlandu angathe kumpaka matope a anzake. Dandauloli likumvekabe pakati pa akatswiri a malamulo mpaka lero.

Malamulo a kuno ku Malaŵi nawonso ali ndi mlandu wa chiŵembu, popeza maiko aŵiriŵa adatengera malamulo ao ku England, ngakhale kuti sagwirizana pa mfundo zonse. Kwa inu achinyamata amene mwangotsiriza sukulu ndipo mukufuna ntchito, phunziro lake nali. Wina akakupemphani kuti mungosaina pepala, kapena mungomusungira katundu, funsani kaye kuti cholinga chake n'chiyani. Mukavomera mukudziŵa, mlandu wayambira pa "inde" wanuyo, ndipo zimene anzanu adzachite inu muli kutali zingadzakupezeni pakhomo.