Kabuku ka kukhitchini kamene kamapikisanitsa ophunzira ku Japan

Lero tili ku Japan, ndipo tiyambira kukhitchini.

M'dzikoli muli mabanja pafupifupi 9,000 amene boma limawasankha kuti azilemba chilichonse chimene agula tsiku ndi tsiku. Madzulo munthu amayala malisiti patebulo n'kuyamba kulemba m'kabuku: mpunga, nsomba, bilu ya magetsi, tikiti ya sitima. Kabukuka amakatcha kakeibo. Banja limalemba kwa miyezi 6, wokhala yekha miyezi 3, kenaka ena n'kulowa m'malo. Ntchitoyi inayamba mu 1946, nkhondo itangotha, chakudya chikusowa ndipo anthu akugula zambiri pamsika wozembera. Boma linkafuna kudziwa ndalama zenizeni zimene zinkatuluka m'thumba la munthu wamba.

Mwezi wa Febuluwale ukafika, zotsatira za chaka chonse zimatuluka, ndipo mizinda ina imadikira mtima uli m'mwamba. Utsunomiya ndi Hamamatsu akhala akulimbirana kwa zaka zambiri ulemu wokhala mzinda wogula kwambiri gyoza, chakudya changati samusa chokhala ndi nyama yogaya ndi kabichi m'kati. Pa ziwerengero za 2021, mzinda wa Miyazaki unawapitirira onse awiri, nkhani n'kumveka dziko lonse.

Koma tamverani izi. Gyoza amene amawerengedwa pamenepa ndi wogula kukadyera kunyumba. Wodyera m'lesitilanti amalembedwa pena, wouma ndi chisanu wa m'firiji amalembedwanso pena. Ndiye mzinda wopambanawo ndi umene umadyadi gyoza wambiri? Funso lotere ndi limene mpikisano wa ophunzira wosanthula ziwerengero umafuna kuti mwana wasukulu azidzifunsa.

Mpikisanowu unayamba mu 2018. Amauyendetsa ndi nthambi ya boma yoona za ziwerengero pamodzi ndi bungwe la National Statistics Center. Pali gawo la ophunzira a kusekondale, palinso la a kuyunivesite ndi anthu ena onse. Opikisana amapatsidwa ziwerengero zokonzedwa kale zotchedwa SSDSE, ndipo mbali ina ya izo imachokera m'timabuku ta kukhitchini tija, yosonyeza zimene mabanja amawonongera pa zakudya m'malikulu a zigawo zonse 47 za dzikolo. Wophunzira amasankha yekha funso lake, amasanthula manambala pakompyuta, n'kulemba lipoti lofotokoza zimene wapeza ndi njira imene watsata. Wopambana pa gawo lililonse amalandira mphoto ya nduna.

Chokoma n'chakuti mwana wa zaka 16 akugwira manambala omwewo amene boma limagwiritsa ntchito poyeza kukwera kwa mitengo. Mwana woteroyo akadzakula, wandale sangamunamize ndi chiwerengero chongotola.

Kwathu kuno nkhokwe yotere ilipo. Ofesi ya National Statistical Office ku Zomba yakhala ikuyendera mabanja kuyambira 1997, kufunsa zimene amadya ndi kugula, ndipo kafukufuku wa 2019 mpaka 2020 anapeza kuti anthu oposa pang'ono theka la Amalawi anali osauka. Mayankho amenewo anachokera pamakhonde a makolo athu. Inu aphunzitsi a masamu, ndi inu akuluakulu a ku Zomba, tapatsani ana athu manambalawa kuti nawonso awafunse mafunso.