Kompyuta ya magemu: ndalama zikakhala zowerengeka, uyambe kugula chiyani?

Anzanga, nkhani ya kompyuta ya magemu yakula pa buleki masiku ano. Ena akuti akangolemba MSCE atsegula malo oseweretsa mpira wa pa sikirini, ena akuti achimwene awo a ku Johannesburg alonjeza kuwathandiza. Koma ndikafunsa kuti “Ugula zipangizo ziti?” yankho limangokhala loti “Yamphamvu basi.” Kushopu kulibe chinthu chotchedwa “yamphamvu”. Kuli tizigawo tosiyanasiyana, kalikonse ndi mtengo wake, ndipo ukasankha molakwika ndalama zapita, gemu nayo n’kumadodoma. Ndiye tiyeni tione mmene tingagawire ndalama zochepazo.

Yamba ndi gemu, shopu pambuyo

Usanafunse mtengo wa chilichonse, lemba magemu awiri kapena atatu amene ukufunadi kusewera. Gemu iliyonse ili ndi mndandanda wa zimene imafuna, wolembedwa ndi eni ake. Titenge ya mpira ija ambirife timaitchabe FIFA, ngakhale kuyambira 2023 dzina lake ndi EA Sports FC. Kuti FC 24 ingoyenda, imafuna RAM ya 8 GB, malo a 100 GB, ndi graphics card ya GTX 1050 Ti kapena RX 570. Kuti iyende bwino, eni ake amati RAM ikhale 12 GB ndipo khadi ikhale GTX 1660 kapena RX 5600 XT. Mwaona? Tsopano tili ndi mayina enieni oti tipite nawo kwa wogulitsa.

Chachiwiri ndi sikirini. Chithunzi cha 1080p chili ndi timadontho topitirira 2 miliyoni, ndipo kuti gemu ioneke yosadodoma, kompyuta iyenera kujambula chithunzi chonsecho ka 60 pa sekondi imodzi. Cha 4K chili ndi timadontho tochuluka kanayi, ntchito nayonso n’chimodzimodzi. Ife a bajeti yochepa tikhale pa 1080p, za 4K tisiyire ena.

Kagawidwe ka ndalama

Sindilemba mitengo pano chifukwa pepalali lingakalambe lisanachotsedwe pa bolodi. Zipangizozi zimachokera kunja, ndiye mtengo wake umatsatira dola. Kumbukirani kuti mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Chothandiza ndi kudziwa magawo.

Poyamba chotsa ndalama za sikirini, kiyibodi, mausi, mapadi osewerera, chotetezera magetsi ndi thiransipoti. Ambiri amaziiwala izi, n’kupezeka ali ndi bokosi lopanda poonera. Pa zotsalazo, ine ndimagawa motere pa K100 iliyonse: graphics card K35, purosesa K18, motherboard K12, RAM K10, SSD K10, power supply K10, bokosi K5. Ngati zatsala K1,000,000, ndiye kuti khadi itenga K350,000. Apa ndi poyambira chabe, ukhoza kusuntha pang’ono malinga ndi zimene wapeza.

Chifukwa chiyani khadi ikudya zambiri chonchi? Pa gemu, purosesa imawerengera zimene zikuchitika: mpira wapita kuti, wosewera uyu athamangire mbali iti. Graphics card ndi imene imajambula zonsezo, udzu, mithunzi, nkhope, ka 60 pa sekondi. Ntchito yolemera kwambiri ili pamenepo. Ukagula Core i7 yodula n’kuika khadi yofooka, gemu idodomabe ndithu. Purosesa yapakatikati ngati Ryzen 5 5600 kapena Core i3-12100F, ikaphatikizidwa ndi khadi ngati RX 6600 ya 8 GB, imayendetsa magemu ambiri bwinobwino pa 1080p.

Zipangizo zimasankhana

Apa ndi pamene ndalama zimatayika mosavuta, chifukwa si zonse zimalowerana. Purosesa imakhala pa malo ake pa motherboard otchedwa socket. Ryzen 5 5600 imafuna socket ya AM4, monga ya pa motherboard za B450 ndi B550. Core i3-12100F imafuna LGA1700. Ya AMD siingalowe pa motherboard ya Intel, ungakakamize bwanji, ungopinda timapini basi. Ukasankha B450 yakale, funsa ngati BIOS yake inakonzedwa kuti izindikire mapurosesa a Ryzen 5000.

RAM nayonso ili ndi mitundu. DDR4 ndi DDR5 zili ndi kampata pa malo osiyana, choncho ina siilowa m’malo mwa inzake. AM4 imatenga DDR4 yokha, AM5 imatenga DDR5 yokha, pomwe motherboard za LGA1700 zilipo za DDR4 ndi za DDR5, ndiye uwerenge pa katoni. Gula 16 GB ngati ungathe, ndipo ikhale timitengo tiwiri ta 8 GB. Tiwiri timagwira ntchito limodzi ngati msewu wa mizere iwiri, n’chifukwa chake timathamanga kuposa kamodzi ka 16 GB.

Samalanso zilembo za kumapeto kwa dzina. F ya pa 12100F ikutanthauza kuti purosesayo ilibe mbali yojambula zithunzi, ndiye popanda khadi sikirini ingokhala bii. Ryzen 5 5600 ilinso chimodzimodzi. Koma Ryzen 5 5600G imajambula yokha. Ngati ndalama za khadi sizinakwane, ukhoza kuyamba ndi 5600G, n’kumasewera magemu opepuka kapena akale utachepetsa kukongola kwa zithunzi, khadi n’kudzagula chaka chamawa. Paja tsokonombwe anatha mtunda n’kudumpha.

Posungira zinthu, tenga SSD. Siiwonjezera liwiro la zithunzi, koma Windows ndi magemu zimatseguka msanga kuposa pa hard disk. Ya 256 GB ndi yaing’ono, poti gemu imodzi yokha ikudya 100 GB. Yamba ndi 500 GB, kapena 1 TB thumba likalola.

Pamene sitiyenera kuumira

Power supply ndi kabokosi kamene kamatenga magetsi a pakhoma n’kuwasandutsa a 12, 5 ndi 3.3 volts oyenera zipangizo zam’kati. Sikawonjezera liwiro ngakhale pang’ono, ndiye anthu amakonda kugula kotchipitsitsa. Koma kakapsa, nthawi zina kamapita limodzi ndi motherboard ndi khadi yako yodula ija. Kuno kwathu, kumene magetsi amazima n’kubwera mosalonjera, nkhani imeneyi si yocheza. Sankha ya kampani yodziwika, monga Corsair, Seasonic kapena Cooler Master, yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus. Pa zipangizo tatchulazi, ya 500 kapena 550 watts ikukwana. Onetsetsanso kuti ili ndi chingwe cha mapini 8 chimene RX 6600 imafuna. Pakhoma ika chotetezera magetsi, ndipo ukapeza mwayi wa UPS, iyo imakupatsa mphindi zingapo zoti uzimitse bwino magetsi akathima.

Pamene tingaumire ndi pa zokongoletsa. Timagetsi tamitundumitundu ndi bokosi lagalasi sizigoletsa chigoli ayi. Bokosi lingokhala lolowa mphepo, lokwana khadi yako m’litali, ndi losavuta kupukuta, chifukwa fumbi la mu October likadzaza mafani, zipangizo zimatentha n’kuyamba kudzichepetsa liwiro. Fani ya purosesa imene imabwera m’katoni ya Ryzen 5 5600 kapena i3 ija ndi yokwanira.

Njira ya kaunjika

Kunena zoona, ambirife zatsopano zokhazokha sitingazikwanitse. Njira ina ndi kugula kompyuta yakale ya mu ofesi, monga Dell OptiPlex kapena HP EliteDesk, n’kuiwonjezera RAM, SSD ndi khadi. Koma power supply yake imakhala yaing’ono, ndipo kawirikawiri ilibe chingwe cha khadi. Choncho funa khadi yosafuna chingwe, imene imangodya ma watts 75 ochokera pa motherboard, monga mitundu yambiri ya GTX 1050 Ti ndi GTX 1650. Ngati bokosi ndi lopyapyala, khadi ikhale yaifupi msinkhu, ija amati low profile. Onanso m’badwo wa purosesa. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel ya m’badwo wa 8 kupita m’tsogolo, monga Core i5-8500. Nambala yoyamba ija, 8, ndiyo m’badwo.

Pogula chakale, osangokhulupirira sitika. Chikomekome cha mkuyu, m’kati muli nyerere: alipo makhadi akale amene amawasintha dzina kuti aoneke ngati GTX 1050 Ti. Pempha wogulitsa ayatse pamaso pako. Pulogalamu yaulere ya GPU-Z imaonetsa zenizeni za khadi, ndipo CrystalDiskInfo imaonetsa thanzi la disk ndi maola amene yagwira ntchito. Sewera gemu kwa mphindi 20 kapena 30, uone ngati mafani akuzungulira, ngati sipakutuluka timizere kapena timadontho tachilendo pa sikirini, ngati siikuzima yokha. Akakana kuyesa, tsanzika mwaulemu, ndalama zako zili m’thumba.

Tsiku logula, pita ndi pepala lolemba dzina lonse la chipangizo chilichonse, ndi munthu wamkulu wodziwa za makompyuta. Funsa mitengo m’mashopu osachepera atatu, ndipo ulandire lisiti yolemba nthawi imene ungabweze chinthu chikavuta. Amene muli ndi bajeti yanu kale, ilembeni pa kapepala pamodzi ndi magemu anu, mubwere nayo pa buleki tidzawerengere limodzi musanapereke ngakhale K1.

Mnzanu wa Fomu 3