Besi: Gitala Imene Ambiri Saimva Koma Onse Amaivina

Anzanga, pa gulu lililonse la oyimba pamakhala munthu mmodzi amene sawomberedwa m'manja. Amaima kumbuyo pafupi ndi wa ng'oma, atakolekera gitala yaitali khosi ya nsambo zinayi zonenepa. Ameneyo ndiye wa besi. Woyimba mawu amatchuka, wa gitala yotsogolera anthu amamuloza, koma wa besi angosiya kuyimba pakati pa nyimbo, muone mmene dansi imazizirira. Anthu amayamba kuyang'anana, osadziwa kuti chachoka n'chiyani.

Ndalemba nkhaniyi pa zifukwa ziwiri. Choyamba, ine ndimaphunzira besi ku kwaya ya achinyamata kutchalitchi kwathu Loweruka lililonse, ndipo ndatopa nalo funso lakuti, "Aise, bwanji sunasankhe gitala yeniyeni?" Chachiwiri ndiye chachikulu. Ndamva kuti pa mwambo wotsanzikana ndi a Fomu 4, anzathu ena akufuna kubwereka besi kumudzi n'kuilumikiza ku kasipika ka sukulu kaja timamverako zolengeza pa asembule. Chonde werengani kaye mpaka pansi musanatero. Sipika ija ndi imodzi yokha, ndipo ndalama zake anasonkha ndi makolo athu.

N'chifukwa chiyani imalira pansi?

Tinaphunzira m'kalasi kuti mawu amabwera chinthu chikamanjenjemera. Chikamanjenjemera mofulumira mawu amakhala okwera ngati a mwana, chikamanjenjemera pang'onopang'ono amakhala otsika ngati a agogo aamuna. Pa nsambo pali zinthu zitatu zimene zimatsitsa mawu: kutalika, kunenepa ndi kukhwefuka. Besi ili ndi ziwiri zoyambazo. Nsambo zake zambiri zimatalika pafupifupi masentimita 86 kuchokera kumutu mpaka pomwe zathera, ndipo n'zonenepa kuposa za gitala wamba.

Nsambo zinayizo mayina ake ndi E, A, D ndi G, kuyambira yonenepa kwambiri ili pamwamba ija. Ya E imanjenjemera pafupifupi maulendo 41 pa sekondi, ya A maulendo 55, ya D 73, ya G 98. Nsambo yonenepa kwambiri ya gitala wamba nayonso ndi E, koma iyo imanjenjemera maulendo 82. Mwaona? 82 ndi 41 kawiri. Ndiye kuti ndi liwu lomwelo, kungoti la besi lili pansi, ngati bambo ndi mwana wake akuyimba mzere umodzi.

Khutu la munthu limayamba kumva pa maulendo pafupifupi 20 pa sekondi, tsono besi ili pafupi ndi kumalire. N'chifukwa chake nthawi zina umaimva m'chifuwa kuposa m'khutu. Ndipo n'chifukwa chakenso ambiri a ife sitiidziwa: nyimbo timamvera pa kasipika ka foni, kamene n'kakang'ono kwambiri moti sikangathe kukankha mpweya wokwanira kutulutsa mawu otsika choncho. Bwerekani zomvera za m'makutu, mumvere nyimbo yomwe ija mumati mukuidziwa. Mupeza kuti munali mukudya ndiwo popanda nsima.

Inayamba bwanji?

Kale magulu oyimba kunja ankagwiritsa ntchito chibesi chachikulu chathabwa choimika pansi, chotalika ngati munthu wamkulu. Chinali chovuta kunyamula, komanso ng'oma ndi malipenga zikalira icho sichinkamveka. Mu 1951 munthu wina wa ku California ku America, dzina lake Leo Fender, anayamba kugulitsa besi yamagetsi yonyamula ngati gitala, yotchedwa Precision Bass. Pakhosi pake anaikapo timizere tachitsulo totchedwa ma fret, tothandiza kuti ukadina upeze liwu lolondola osachita kulisakasaka. Mu 1960 anatulutsanso ina yotchedwa Jazz Bass, yakhosi lowonda pang'ono. Mabesi ambiri otsika mtengo amene mumawaona m'matchalitchi ndi m'maukwati anatengera maonekedwe a awiri amenewa, ngakhale dzina lolembedwa pamutu likhale lina.

Zida zake ndi ziti?

Besi yamagetsi payokha siimveka kutali, chifukwa thupi lake ndi thabwa logwirira lopanda mphako. Pansi pa nsambo pali kabokosi kakuda kotchedwa pickup, osati galimoto ija yonyamula matumba a chimanga ayi. M'kati mwake muli maginito okulungidwa ndi waya wowonda kwambiri. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginitowo, m'wayamo mumabadwa timagetsi tochepa totsatira kanjenjemeredwe ka nsamboyo. Timagetsi timeneto timadutsa m'chingwe kupita ku ampulifaya, imene imatikulitsa n'kutipereka ku sipika. Sipika imakankha mpweya, mpweya n'kufika m'khutu mwanu. N'chifukwa chake simungaike ulusi wa nayiloni pa besi yamagetsi. Maginito sakoka nayiloni.

Tsopano nkhani ya sipika ija. Kuti sipika itulutse mawu otsika, chipepala chake chozungulira chija chiyenera kupita kutsogolo ndi kumbuyo mtunda wautali kuposa pamene ikutulutsa mawu a munthu. Masipika a besi amapangidwira zimenezo: ndi aakulu, nthawi zambiri mainchesi 10, 12 kapena 15, ndipo amakhala m'bokosi lolimba. Kasipika kopangidwira kulankhulira kapena ka wailesi, mukakalumikiza ku besi n'kukweza voliyumu, kamayamba kulira "prrr prrr" ngati nsalu ikung'ambika. Ambiri amaganiza kuti ndiye yafika pokoma. Ayi ndithu, kakulira thandizo. Mukapitiriza, chipepala chimang'ambika kapena waya wa m'kati amapsa.

Zimenezi ndinaziona ndi maso kwathu. Achinyamata a kwaya ina yoyandikana nafe anagwira ganyu yopalira kuti agule sipika. Tsiku lina mlendo anabwera ndi besi, anailumikiza, anakweza mpaka kumapeto kuti amveke kumsika. Nyimbo yachitatu isanathe sipika inali itatha. Mlendo anakwera njinga yake ulendo, eni ake anatsala akuyimba ndi manja mpaka chaka chinatha. Tsono amene mukukonza mwambo wa a Fomu 4, mukabwereka besi bwerekaninso ampulifaya yake. Ikasowa, funsani aphunzitsi oyang'anira zosangalatsa musanalumikize chilichonse. Paja safunsa anadya phula.

Malamulo ena osungira zida ndi aafupi. Tsitsani voliyumu mpaka pansi musanalowetse kapena kuzula chingwe, chifukwa kaphokoso ka "phu!" kaja kamapweteka sipika. Chingwe chikoletseni ku lamba wa gitala kuti wina akachiponda chisathyole polowera pake. Mukamva kulira kwa "mmmm" kosalekeza musanakhudze nsambo, kawirikawiri vuto limakhala chingwe chothetheka m'kati kapena mawaya osalumikizidwa bwino. Magetsi a m'nyumba kuno kwathu amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, ndipo chingwe choipa chimatola kulira kumeneko. Chodabwitsa n'chakuti 50 ali pafupi kwambiri ndi G wotsika wa pa besi, amene ndi 49, ndiye phokosolo limasakanikirana ndi nyimbo n'kuidetsa. Mabesi ena ali ndi kabatire ka mavoti 9 kumbuyo. Amenewo mukamaliza kuyimba zulani chingwe, apo ayi batire limangotha usiku wonse.

Nsambo nazo n'zodula, ndipo kumudzi kuno sizipezeka. Chimazipha ndi thukuta ndi litsiro la m'manja. Sambani m'manja musanayimbe, makamaka mukachoka kodya chipisi kapena mandasi, ndipo mukamaliza pukutani nsambo iliyonse ndi kansalu kouma. Oyimba ena nsambo zikafa mawu amazimasula n'kuziwiritsa m'madzi kuti litsiro lichoke, kenako n'kuziumitsa bwinobwino kuopa dzimbiri. Zimabwererako kwa kanthawi, koma sizisanduka zatsopano.

Mawu okoma ali m'zala

Anyamata ambiri amati, "Ndikanakhala ndi besi yodula ndikanaswa." Koma besi imodzi yomweyo imalira mosiyana m'manja mwa anthu awiri. Yesani izi. Kodolani nsambo pafupi ndi pomwe yathera kumunsi: mawu amatuluka owuma, akuthwa. Kodolaninso pafupi ndi khosi: amatuluka ofewa, onenepa, ngati a mu rege. Simunagule kanthu, mwangosuntha dzanja. Palinso kabatani kozungulira ka toni. Mukakatsitsa kamachotsa mawu akuthwa aja, mukakakweza kamawabwezera.

Luso lina limene anthu saliona ndi kuletsa nsambo. Ukakodola imodzi, zinzake zimayamba kung'ung'udza zokha. Ukapanda kuzigwira, nyimbo imakhala ngati phala la mibulu. Woyimba wabwino amagoneka chala chachikulu pa nsambo imene sakuigwiritsa ntchito, ndipo amadziwa nthawi yodula liwu. Mverani nyimbo za Bob Marley. Wa besi wake, Aston Barrett, amene ankamutchula kuti Family Man, ankasiya mipata pakati pa mawu, ndipo mipata imeneyo ndi imene imakugwedeza mutu. Ku America kunali James Jamerson, amene anayimba besi m'nyimbo zambiri za kampani ya Motown m'zaka za m'ma 1960, ndipo ankakodola kwambiri ndi chala chimodzi chokha. Kufupi kuno, Bakithi Kumalo wa ku South Africa anayimba besi yopanda ma fret mu chimbale cha Paul Simon chotchedwa Graceland cha mu 1986. Onsewa mawu awo ndi osiyana, ndipo chinawasiyanitsa kwambiri ndi kagwiridwe.

Chomaliza pa kayimbidwe ndi ichi: mnzake wa besi ndi wa ng'oma. Phazi la wa ng'oma likagunda ng'oma yaikulu ija, besi igundenso pomwepo. Awiriwa akasemphana, ngakhale woyimba mawu akhale katswiri chotani, ovina amasokonezeka miyendo. Wa besi wothamanga kuti aonekere ndi amene amagwetsa gulu.

Nanga ife opanda magetsi?

Apa ndiye pondisangalatsa. Kuno ku Malawi tili ndi besi yathuyathu, babatoni. Ndi mtengo wautali wolowetsedwa mu ng'oma ya chikopa cha ng'ombe, wokhala ndi waya mmodzi, nthawi zambiri wochotsa m'tayala lakutha. Ng'omayo ndiyo imagwira ntchito ya ampulifaya. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amayimba yake pomenya waya ndi kamtengo, kwinaku akuyendetsa botolo pa wayapo kuti asinthe mawu. Botolo likamafupikitsa gawo lonjenjemera, liwu limakwera. Ndi sayansi yomwe ija ya kutalika kwa nsambo. A Madalitso Band, Yobu Maligwa wa babatoni ndi Yosefe Kalekeni wa gitala, ankayimba m'misewu ya mu Lilongwe. Mu 2017 anakayimba ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera apo ayenda maiko ambiri a ku Ulaya ndi zida zopanga okha. Kalekale nako, Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka ankakhala ndi besi ya nsambo imodzi m'gulu lawo la nyimbo za kwela. Ndiye wina asatinamize kuti besi ndi ya m'tauni mokha.

Poyambira pake

Mukapeza mwayi wogwira besi, yambani n'kuichuna. Dinani nsambo ya E pa fret yachisanu, liwu lake lifanane ndi la nsambo ya A yosadina. Chitaninso chimodzimodzi kuchoka pa A kupita pa D, ndi pa D kupita pa G. Kenako phunzirani malo atatu okha: G ali pa fret yachitatu ya nsambo ya E, C ali pa fret yachitatu ya nsambo ya A, D ali pa fret yachisanu ya nsambo ya A yomweyo. Malo atatuwa ali ngati mafuwa, mphika wa nyimbo zambiri za kwaya umakhala pamenepo. Wa kiyibodi akasintha, inunso sinthani. Dinani kuseri pang'ono kwa kachitsulo, osati pamwamba pake, kuti nsambo isalire ngati njuchi. Kodolani ndi zala ziwiri mosinthanasinthana, chamkombaphala ndi chapakati, ngati munthu akuyenda.

Sabata zoyamba zala zimatuluka matuza. Musawaboole, pumulani masiku awiri, khungu limalimba lokha. Ndipo ngati kwanu kulibe besi ngati mmene kulili kwathu, nthawi musataye. Ine pa ulendo wobwera kusukulu m'mawa ndimang'ung'udza mzere wa besi wa nyimbo imene tikuphunzira, mapazi akuwerenga wani, thu, fili, folo. Pofika Loweruka khutu limakhala litaudziwa kale, zala zimangotsatira.

Ntchito yanu sabata ino nayi, ndipo siifuna ndalama. Nyimbo ikamalira pa wailesi kapena pa chigayo, siyani kumvera woyimba mawu, musakesake liwu lapansi lija n'kulitsatira kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Amene mwalipeza ndipo mukufuna kudziwa zambiri, mundipeze pa nthawi yopuma pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa Fomu 2. Tikakwana anthu asanu tikapemphe kwa aphunzitsi kuti tipange babatoni ya sukulu. Tayala lakutha ndalipeza kale, chatsala ndi chikopa.