MAGALASI OLANGIZA MUNTHU PA NTCHITO

Alimi ambiri, makamaka inu a m'maesiteti, mumaidziŵa bwino thirakitala ya Massey Ferguson. Lero tikufuna tikufotokozereni za chipangizo china chimene chidathandiza amisiri opanga makina otere.

Kampani ya AGCO, eni ake a Massey Ferguson, ili ndi fakitale ku Jackson, m'chigawo cha Minnesota ku America. Kumeneko mathirakitala satuluka ofanana ngati njerwa za m'chikombole chimodzi ayi. Iliyonse imamangidwa monga wafunira wogula, choncho mmisiri sangasunge zonse pamtima. Kale ankati akaiŵala kanthu, ankasiya ntchito, kupita kukaŵerenga malangizo pa kompyuta, kenaka nkubwerera. Nthaŵi yambiri inkathera m'kuyenda.

Pofika chaka cha 2017 amisiri ena pa fakitaleyi ankagwira ntchito atavala magalasi otchedwa Google Glass. Magalasiŵa ndi kompyuta yaing'ono yovala kumaso. Ali ndi kamera, ndiponso kagalasi kakang'ono pamwamba pa diso lamanja kamene kamaonetsa mawu ndi zithunzi. Mmisiri akaloza kamera pa nambala ya chitsulo chimene wagwira, malangizo ake amaoneka pompo: chitsulochi chiloŵa pati, ndipo chotsatira nchiyani. Akafuna tsamba lina amangolankhula, magalasi nkumvera. Taonani, manja onse aŵiri ali pa sipanala! Ubwino wake waukulu wagona pamenepa, pakuti aliyense amene adayesapo kumanga belo la fodya akuŵerenga pepala adziŵa kuvuta kwake.

A AGCO adalengeza kuti nthaŵi yomangira makina ovuta idatsika ndi magawo 25 pa 100 aliwonse, ndipo nthaŵi yoyendera thirakitala yomalizidwa, kuona ngati zonse zili bwino, idatsika ndi magawo 30. Kampani yonyamula katundu ya DHL nayonso idayesa magalasi a mtundu wotere m'nyumba zake zosungira katundu, kuti aziuza wantchito shelefu yopitako ndi kuchuluka kwa katundu woti atenge.

Tsono wina afunsa: kodi chotere chingatithandize posankha fodya? Ife tikuona kuti nkhaniyi njosiyana. Chitsulo cha thirakitala chili ndi nambala, ndipo malo ake ndi amodzi basi. Tsamba la fodya lilibe nambala. Wosankha amayang'ana mtundu ndi kutalika kwake, inde, komanso amalikhudza kuti amve ngati lafeŵa bwino, lauma kwambiri kapena lanyoŵa moti lingachite nkhungu m'belo. Kamera siyikhudza. Pamene magalasi otere angagwire ntchito ndi pa zinthu za ndondomeko yosasintha, monga kukonza injini, kuyeza mankhwala opopera, kapena kuphunzitsa wantchito watsopano. Ndiponso mmisiri amene ali kutali angathe kuona zimene wovalayo akuona, namulangiza osanyamuka pamene ali.

Zovuta zilipo. Batire limafuna kutchajidwa kaŵirikaŵiri, malangizo ayenera kulembedwa ndi munthu wodziŵa ntchitoyo asanaikidwe m'magalasimo, ndipo ntchito zambiri zimafuna intaneti yodalirika pamalopo. Mtengo nawo si wa mlimi wamba.

Dziŵaninso kuti a Google adaleka kugulitsa magalasi aŵa m'mwezi wa March chaka cha 2023. Makampani ena, monga Vuzix ndi RealWear, amapanga zipangizo zofanana nazo, zina zomangirira pa chipewa cholimba cha m'fakitale.