Makina Oona M'mimba ndi Mau

Mukapfuula pafupi ndi phiri, mau anu amabwerera. Makina a kucipatala ochedwa ultrasound, amene ambiri angoti sikani, agwira nchito momwemo. Dotolo apaka mafuta pamimba nayendetsapo kacipangizo kotumiza mau okwera kwambiri, osamveka ku khutu la munthu. Mauwo akagunda ziwalo za m'kati abwerera, ndipo makina awasandutsa cithunzi. Palibe kuceka, palibenso kuwawa.

Dr. Ian Donald wa ku Glasgow ndi anzace analengeza nzeru imeneyi m'caka ca 1958. Ithandiza kupima ciwindi, impso ndi mtima, koma makamaka amai apakati. Ionetsa miyezi ya mimba, mapasa, ndiponso kagonedwe ka mwana.

M'caka ca 2016 bungwe la WHO linalangiza kuti mai aliyense apimidwe kamodzi mimba isanakwane masabata 24. Mai wa kwa Mwase akadziwa msanga kuti ali ndi mapasa, akhoza kukadikira masiku ace pafupi ndi cipatala ca pa boma, mvula isanaononge mseu. Abambo, aperekezeni akazi anu.